Dengu la Zitsononkho la a Saizi

“Munthu wosakukalipira wakutaya kale.” Mawu amenewa anandiuza ndi mayi anga tikupeta mphale pakhonde, ine ndili kamtsikana ka zaka khumi ndi chimodzi, mwina ziwiri, kaya, poti kalelo zaka sitinkazisunga ngati mmene achitira ana a lero. Anayankhula osandiyang’ana, maso ali palichero, gaga akuwagwera m’manja ndi m’tsitsi. Ankanena za a Saizi, bambo wina wokonza njinga amene chaka chimenecho anatenga timu ya mpira ya m’mudzi mwathu kwa Nsamala. Ine ndinangoti eya, monga ayankhira mwana, osadziwa kuti mawuwo andithyokera m’phazi ngati munga ndipo ndidzayenda nawo mpaka imvi.

Lero ndine gogo. Ndimakhala ku Chikweo, kumene malemu amuna anga ananditengera chitengwa, ndipo anthu a kuno amati ndine wovuta. Sindikana. Ndiwo za eni sindilandira, mlendo ndimayamba ndamuona kumapazi ndisanamuyalire mphasa, ndipo munthu akandisekerera kwambiri ndimakawerenga nkhuku zanga. Amafunsana kuti gogo ameneyu anamulakwira ndani. Palibe amene anandilakwira, abale inu, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Bola akanakhalapo, ndikanamuloza chala nkhani n’kutha. Chimene chilipo ndi chilimwe chimodzi chokha, chimene ndachitembenuza m’mutu mwanga zaka zonsezi ngati chinangwa pamakala, koma mbali ina imakhalabe yosapsa.

Kwathu tinali atatu: amayi, achimwene Lenadi ndi ine. Abambo anatchona ku Joni ine ndikukwawa. Tinkadalira thonje, ndipo amene anatolapo thonje akudziwa zimene ndikunena: kudzuka mwera ukuluma m’makutu, zala kung’ambika ndi zikhokho zouma, kafungo ka mankhwala kokakamira m’ziguduli, nsonga za udzu kukulowa m’chitenje. Thonje likatha, dziko linkasintha nkhope. Tchire linkapsa, phulusa lakuda n’kumagwera m’mitsuko ya madzi, ana aamuna n’kumakumba mbewa m’malupsa, ife atsikana tikusewera fulaye ndi phada m’fumbi, m’kamwa mutachita dzanzi ndi masawu ndi malambe. Nyenje zinkalira masana onse mpaka kumva ngati zikulirira m’mutu mwako. Imeneyo ndiyo inali nyengo ya mpira, ndipo pa mpira achimwene Lenadi analibe mnzawo m’midzi yonse ya kumeneko. Mwendo wawo wamanzere anthu ankaukamba pachitsime ngati mmene akambira mvula.

Poyamba timuyo ankaiphunzitsa ndi a Nkhoma, aphunzitsi a pasukulu yathu, bambo wamtali wosadziwa kuseka. Ankabwera pabwalo ndi buku la mayina kukhwapa ndi nthyole ya bwemba kumanja. Wochedwa ankagona pansi kulandira zitatu, wojomba ankazungulira bwalo lonse modumpha ngati chule, ndipo mpira usanakhudzidwe onse ankathamanga mpaka pamlambe wa kudambo ndi kubwerera, kawiri, osavala nsapato, nseso zili mbwee m’njira. Achimwene ankafika kunyumba akutukwanira pansipansi, mizere ili m’matako, koma ankatha kusewera kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka nkhuku kukwera mumtengo osagwira m’chiuno. Akuluakulu ankavomereza, amvekere kuwongola mtengo n’poyamba. Kenaka a Nkhoma anawasamutsira kutsidya kwa Shire, mbali ya Machinga, ndipo anyamata anavina ngati kwagwa ukwati.

Amene analowa m’malo mwawo ndi a Saizi aja. Anali atagwirapo ntchito ya njanji ku Balaka ndipo ankati paunyamata wawo anamenyapo mpira m’tauni mpaka bondo linawakana. Ankayenda motsimphina, wenzulo ili m’khosi, koma kuimva ikulira kunali kwa kamodzikamodzi, mpaka anyamata ankati mavu anamangamo nyumba. Buku la mayina analikana. Ankati kuitana mayina n’kwa kusukulu ndi kupolisi. M’malo mwake anapachika kadengu panthambi ya bwemba wa pambali pa bwalo, n’kuuza mnyamata aliyense kuti apeze chitsononkho chake, achitenthe chizindikiro ndi waya wamoto kuti chidziwike mwini. Ukafika pa pulakatisi uponye chitsononkho chako mudengu, pochoka uchitenge, basi. Iwo m’dengumo sankasuzumiramo n’komwe. Ankangolinyamula ndi chala chimodzi, kuligwedeza pafupi ndi khutu, n’kunena kuti, “Lalemera, takwana.” Zothamangira ku mlambe zinatha tsiku lomwelo. Lamulo lawo linali limodzi, loti wotopa akhale pansi, mwendo ngwake.

Amayi mpira ankadana nawo, ankati sudyedwa. Koma thonje lisanathe m’munda kunamveka nkhani imene inawatembenuza mtima. A Saizi analandira kalata yochokera kwa mnzawo wakale wa kunjanji, amene tsopano ankasakira anyamata timu ya kampani ina ya ku Blantyre. Bamboyo analemba kuti adzabwera kudzaonera mpira waukulu wa kumapeto kwa chilimwe ku Phalula, ndipo akadzapeza mnyamata mmodzi womukhutiritsa adzamutenga, akamupatse ntchito pakampanipo uku akusewera. Mudzi wonse unadziwa kuti mmodziyo ndi Lenadi. Patapita masiku awiri amayi anagamula kuti kuyambira tsikulo achimwene asamagwirenso ntchito ya masana, azipita ku pulakatisi. Mitolo ya thonje imene ankasenza iwo tinayamba kusenza ife, nkhuni kuwaza ife, mbuzi kukazimasula ine. Koma a Saizi amayi sankawakhulupirira, n’chifukwa chake anandiuza mawu aja pakhonde, n’kuwonjezera kuti, “Madzulo aliwonse ukatula mtsuko uzipita kubwaloko. Ukakhale phee, ukaone ndi maso ako, udzandiuze ngati mchimwene wako akuthamanga.” Ntchito yoyang’anira anthu ndinaiyambira pamenepo, ndipo mpaka lero palibe amene anandiuza kuti weruka.

Ndinkakhala patsinde la bwemba, pansi penipeni pa dengu lija, ndikunamizira kutola zipatso zakugwa. Zimene ndinkaona zinkandizunguza mutu, chifukwa sizinkaoneka ngati zoipa. Pabwalo panali chimwemwe chimene nthawi ya a Nkhoma panalibe. Anyamata ankagawana pawiri, ovula malaya ndi ovala, n’kumamenya mpira mpaka fumbi kuchita kufiira. A Saizi ankatsimphina pakati pawo, kumuimika mmodzi n’kumusonyeza kalandiridwe ka mpira pachifuwa, wina kumukweza chibwano ndi chala amvekere, “Dzutsa mutu, mpira suthawa.” Ankadziwa zinthu bambo aja, pamenepo sindingawanamizire, moti ngakhale anyamata amene kale ankangoumenyera kutsogolo anayamba kupatsirana ngati a mu wayilesi. Koma thukuta likangoyamba kutsikira m’maso, mmodzi ankatuluka kukakhala pamthunzi, mnzake n’kumutsatira, wina n’kusonkha kamoto kootcha chinangwa, ndipo dzuwa lisanafike pamitengo pulakatisi inkasanduka macheza. A Saizi nawo ankakhala pomwepo, kumenya chinangwa chawo ndi kamtengo kuchotsa phulusa, akusimba za sitima.

Mmodzi yekha ndiye sankakhala pansi. Dzina lake Yusufu, kamnyamata kakafupi kouma ngati nzimbe ya pachulu, ka mbali ya kumzikiti. Iyeyu mpira anali atausiya nthawi ya a Nkhoma, atamukwapula pamaso pa anthu chifukwa chochedwa kuchokera ku madarasa, ndipo anabwerera atamva kuti nthyole yapita. Mpira wake sunali wokoma kuonera. Koma anzake akamatenga zitsononkho zawo kumapita, iye ankamanga kabudula wake ndi luzi n’kuuyatsa yekhayekha wa kumlambe wa kudambo uja, kupita ndi kubwera, kawiri, popanda womutuma. Anzake ankamukuwiza, amvekere, “Ashehe, akukuthamangitsani ndani? Kapena a Nkhoma anakusiyirani mzimu wawo?” Iye ankangoti, “Iyayi, ndikungowongola miyendo,” n’kumapita, mapazi akuchita fumbi laling’onoling’ono m’lupsa. Ine ndinkamuyesa wozerezeka.

Achimwene masabata awiri oyamba ankabwera. Kenaka anayamba kubwera mochedwa, kunjanja anthu atatu, kumwetsa chigoli chimodzi chokometsera, n’kukagona chagada pamthunzi. Kenaka tsiku lina sanabwere, koma ndinaona ndi maso angawa mnzawo Pitala akutulutsa zitsononkho ziwiri m’thumba, chake ndi cha achimwene cha mizere itatu yopingasa chimene waya wake ndinautenthetsa ndine, n’kuziponya mudengu pamwamba pa mutu wanga. A Saizi analigwedeza, amvekere lalemera. Mawa lake ndinawalondola achimwene chapatali ndipo ndinakawapeza pakhonde la atelala akusewera bawo ndi madoda, miyendo atatambasula. Anandiona ndisanabisale. Anandikokera kuseri n’kundifunsa akuseka, “Iwe kazitape, akutuma amayi eti? Tamvera, mlongo wanga, mpira uli m’magazi. Othamangathamanga ndi osaudziwa. Ukakanena, diresi la ku Blantyre udzalionera pa anzako.” Anandipatsa dambe lalikulu losweka kale. Madzulo amayi atafunsa ngati mchimwene wanga wathamanga, iwo ali chiweramire, msana utawawa ndi mtolo umene ukanasenzedwa ndi mwana wawo wamwamuna, ndinati eya. Limenelo linali bodza langa loyamba kwa iwo, ndipo linatuluka mosavuta mpaka ndinachita mantha.

Musandifunse chifukwa chake, inenso ndadzifunsa mokwanira. Diresi ndinkalifuna, inde. Achimwene ndinkawakonda, ndiwo ankandibereka powoloka madzi nthawi ya dzinja. Koma chachikulu n’chakuti sindinkadziwa ngati panali cholakwa. Kwa a Nkhoma mlandu unkaoneka, unali ndi mizere m’matako. Apa mwini timu ankaseka, anyamata ankaseka, ndiye ine kamwana ndikanati walakwa ndani? Komabe eya wa tsiku ndi tsiku uja anayamba kundilemera kuposa mtsuko. Patatsala masabata atatu kuti tipite ku Phalula, ndinalimba mtima. Ndinaganiza kuti ndikauze a Saizi eni ake, iwo akangodziwa akalipa, achimwene abwerera pabwalo, bodza langa lisanduka zoona, amayi osamva kanthu. Nzeru za mwana.

Ndinawapeza m’mawa pamalo awo okonzera njinga, atamiza chubu m’beseni la madzi akuda kufunafuna pobooka. Pankanunkha guluu ndi girisi. Ndinagwada chapatali, iwo n’kundiitana, “Fikani, achemwali a Lenadi, apolisi athu a pansi pa bwemba.” Ndiye kuti masiku onsewo ankandiona. Ndinawauza zonse, za Pitala ndi za bawo. Sanasiye kutembenuza chubu chija. “Ndikudziwa, mwanangu,” anatero. “Dengu likabwera ndi zitsononkho khumi ndi zisanu, pabwalo pali mitu khumi ndi iwiri, ukuganiza sindiona?” Ndinafunsa kuti nanga bwanji osawakalipira. Anati, “Ndikamukalipira athamangira ine. Ku Blantyre ine sindikapitako. Kumeneko akamudzutse ndani m’mawa? Ndikufuna adzithamangire yekha.” Ndinati nanga akapanda kutero? Apo anatulutsa chubu m’madzi, kuika chala pamene pankatuluka thovu, n’kunena mofatsa ngati akundiuza njira ya kuchigayo, “Ndiye kuti sanafune.”

Ndinabwerera kunyumba mutu uli balala. Mbali ina ndinkamva ngati ndatula katundu, poti wamkulu akudziwa, ndipo nkhani ikafika kwa wamkulu mwana sakhalanso nayo mlandu. Mbali ina mawu a amayi ankandilira m’khutu ngati nyenje zija. Kodi uku ndiye kutaya munthu kumene ankanena? Koma wotaya munthu amamuwerenga chonchija, mpaka kudziwa thumba limene chitsononkho chake chikubweramo? Amayi sindinawauze. Ndinapitiriza eya wanga mpaka tsiku lomaliza, ndipo iwo anapitiriza kupatulira achimwene ndiwo zambiri, amvekere wothamanga adye.

Tsiku la mpira tinanyamuka kukadali kozizira, ena pangolo, ena pansi, chigubu cha thobwa chili pamutu panga. Amayi, amene chibadwire anali asanaimepo pabwalo la mpira, anatseka chitseko, kuvala chitenje chawo cha kutchalitchi n’kutsagana nafe. Ku Phalula kunali anthu ngati pamsika wa thonje, ogulitsa nzimbe ndi zitumbuwa atasiya msewu kudzaunjikana pabwalo, mbuzi ya mphoto itamangidwa pamtengo ikulira. Mlendo wa ku Blantyre anamukhazika pampando wa kusukulu, chipewa kumutu, magalasi akuda kumaso, kuti usadziwe kumene akuyang’ana. Dzuwa la tsikulo linali lija loti ukaponda pansi umachita kuvina. Kenaka kunafika lole ya timu yolimbana nafe, yochokera kutsidya kwa Shire, ndipo woyamba kutsika, buku kukhwapa, anali a Nkhoma. Anyamata awo anatsika mmodzimmodzi n’kundanda ngati asilikali, osayankhula. Athu anali gwirane m’mapewa akuimba.

Chigawo choyamba ndikachikumbukira mpaka pano tsitsi limandiyimirira. Anyamata a a Saizi anawavinitsa alendowo, mpira ukuyenda phazi ndi phazi, iwo akungothamangira mthunzi wake. Achimwene anagoletsa ziwiri, chachiwiricho atanjanja anthu anayi n’kumugoneka goloboyi kumanzere mpira ukulowera kumanja. Azimayi anathamangira m’bwalo ndi nthungululu, ndipo pakati pawo ndinaona amayi anga akuvina, chitenje chili m’manja, munthu amene sindinamuonepo akuvina ngakhale pachinkhoswe. Mlendo wa ku Blantyre uja anawerama kufunsa kanthu kwa womuyandikira, ndipo womuyandikirayo analoza achimwene. Ndinati mumtima, basi, a Saizi ndi amene akudziwa, mpira ulidi m’magazi, ndinkavutikiranji.

Atatembenuka kuyamba chigawo chachiwiri, zinthu zinatembenukanso. Alendo aja anabwerera m’bwalo ngati akuyamba kumene, pomwe athu miyendo inali itayamba kulemera. Woyamba kutionetsa zachilendo anali Pitala, amene ankatchinga kumbuyo. Mpira uli mkati, woyimbira sanaimbe, iye anangotembenuka n’kumayenda pang’onopang’ono kupita pamthunzi, monga ankachitira masiku onse pansi pa bwemba. Sikuti anachita mwano, iyayi, thupi linangochita zimene linazolowera. Anthu anakuwa, iye anadzidzimuka n’kubwerera chothamanga, koma mnyamata wa timu inayo anali atadutsa kale pamalo pakepo ndipo chigoli chinali chitalowa. Kuchokera apo kunali ngati khola lagumuka. Uyu wagwira m’mawondo, uyo wagona akuti mnofu wamukoka, wina akupempha madzi kwa oonera. Achimwene chifuwa chinkachita ngati mvukuto wa osula makasu. Zigoli zitafanana, Yusufu analanda mpira pakati, kuthamanga nawo mpaka pakona, n’kuwapatsira achimwene pamwendo wamanzere womwe uja, goloboyi atatuluka, golo ili yasa. Anangofunika masitepe atatu. Anaponda limodzi, lachiwiri mwendo unapinda wokha, anakhala pansi, n’kusanza thobwa lonse pamaso pa anthu a midzi isanu. Tinagonja zinayi kwa ziwiri, ndipo mpaka wenzulo yomaliza amene ankathamangabe kumbali yathu anali Yusufu yekha, kutchinga kumbuyo iye, kutsogolo iye, ngati galu wolondera mudzi wopanda anthu.

Apa ndi pamene mutu wanga umaimira mpaka lero. Mukanati a Nkhoma ndiwo anali olondola, poti anapambana ndipo mbuzi inakwera lole yawo. Koma asanakwere, pamaso pa tonse, anamuwomba mbama mtsogoleri wa anyamata awo chifukwa cha chigoli china chimene anaphonya, mnyamata wandevu kale, ndipo iye anangoima manja kumbuyo misozi ikutsika. Mlendo wa magalasi sanatengepo ndi mmodzi yemwe mwa opambanawo. Anthu amene anali pafupi anati ananena kuti anyamata amenewo asanamenye mpira amayamba acheukira kwa mphunzitsi wawo. Anadutsanso achimwene ali chigonere pansi, osawerama n’komwe, n’kukaima pa Yusufu kumufunsa kumene amakhala makolo ake. Ndiye taonani: Yusufu amene a Nkhoma anamuthamangitsa ndi nthyole, a Saizi ndiwo anamubweza ndi kufatsa kwawo, koma kuthamanga kumene kunamupititsa ku Blantyre kunali kwa mlambe wa a Nkhoma. Achimwene amene nthyole inkawasunga, kufatsa komweko ndiko kunawagwetsa. A Saizi anatsimphina mpaka pamalo pamene achimwene anagona, kuwathira madzi m’khosi, kuwadzutsa, n’kunena kuti, “Wasewera bwino, mwanangu.” Mawu ena ayi.

Koma zonsezi ndinaziona ndi diso limodzi, chifukwa linalo linali pa amayi. Achimwene atakhala pansi paja, bwalo lonse linayang’ana iwo. Amayi okha anatembenuka pang’onopang’ono n’kuyang’ana ine. Sanakwinye nkhope, sanapukuse mutu, anangondiyang’ana nthawi yokwanira kuti ndidziwe kuti eya aliyense wamuwerenga, kenaka anamanga chitenje chawo n’kuyamba ulendo. Njira yonse ndinkayenda kumbuyo kwawo ndikudikira. Titafika anasonkha moto ngati masiku onse. Mawa lake ndinakathyola ndekha nthyole yabwino ya bwemba n’kuitsamiritsa pakhomo pamene sakanalephera kuiona. Anaitenga, kuingitsira nkhuku zimene zinkajompha mphale, n’kuiponya pankhuni. Ndinadikira sabata, ndinadikira chaka. Anandilera, anandivinira chinamwali, anandiperekeza ku Chikweo kuno akulira, anadzandisambitsira ana anga oyamba. Za chilimwe chija sanatchulepo liwu limodzi mpaka tinawaika m’manda. Tsono ndiuzeni inu ophunzira: munthu amene anandiphunzitsa kuti wosakukalipira wakutaya, iye mwini osandikalipira, anandikhululukira kapena ananditaya?

Achimwene anakalambira kwa Nsamala akulima thonje. Chodabwitsa n’chakuti achimwenewo sanadandaulepo za a Saizi. Ankati anali munthu yekhayo amene anawatenga ngati munthu wamkulu, ndipo pamaliro awo ananyamula nawo bokosi. Tsiku lina titakula ndinawafunsa ngati sizikanakhala bwino akanawakwapula, iwo anaseka, amvekere, “Ndikanathamanga, mlongo, koma bwenzi ndikuthamanga mpaka liti?” Atatha kuseka anakhala nthawi yaitali akusisita bondo lamanzere, maso ali kumsewu. Yusufu tinkamumva dzina pa wayilesi zaka zingapo, kenaka anabwera kudzamangira mayi ake nyumba ya malata, ndipo amayi anga podutsa pamenepo ankayang’ana kumbali ina.

Chandikumbutsa zonsezi ndi mdzukulu wanga Takondwa, amene ndikulera ndekha chimwalirireni mayi ake. Masiku ano atsikana nawonso akumenya mpira, ndipo uyu watengera mwendo wamanzere wa agogo ake aamuna, achimwene Lenadi aja, ndikauona mtima umachita kuti phaa. Kochi wawo ndi kamnyamata kaulemu kosekaseka, foni ili m’manja nthawi zonse, ndipo tsiku loyamba kumumva akuuza ana kuti wotopa apume, ndinachita kugwira mtengo. Tsopano madzulo aliwonse ndimakakhala pambali pa bwalo ndi zitsononkho zanga m’chitenje, Takondwa akazungulira kamodzi ndimasuntha chimodzi ndi dzanja langa, osatuma munthu. Ana amandiseka, amati gogo akuombeza. Aseke. Koma dzana miyendo inandikana, sindinapite, ndipo atabwera ndinamufunsa ngati wathamanga. Anati eya. Ndinayang’ana kumapazi kwake, kunalibe fumbi. Eya ameneyo ndinamuzindikira, ndi wanga yemwe uja.

Nthyole ndathyola, ili apa pakhomo lero tsiku lachitatu. Ndikaigwira ndimaona mnyamata wandevu uja manja kumbuyo, ndimaona Yusufu akusiya mpira. Ndikaisiya ndimaona achimwene atakhala pansi golo ili yasa, ndimaona msana wa amayi panjira ya ku Phalula. Mwanayo akungoyendayenda mwakachetechete, kundiba ndi diso, kutsuka mbale zotsuka kale, ndipo ndikudziwa chimene akudikira chifukwa ndinachidikirapo. Choncho inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa ku Chikweo patukani mudzandione. Funsani kwa gogo wa zitsononkho, aliyense akulozerani, ena akuseka. Musanyamule chakudya, sindidzadya, ndipo musakhumudwe ndikayamba ndakuonani kumapazi. Mungofika, mukhale pamphasa, muone ngati nthyoleyo ikadali pakhomo. Mukaipeza ili pomwepo, mundikumbutse kuti mwana asadikire zaka makumi asanu ngati ine, ndimuitane ndimuuze kanthu, kaya kokalipa kaya kofatsa, bola amve mawu.